Mwala Woyera wa pa Chitunda

Eyðfinn Gaard adapuma ntchito ya upolisi mtima uli mbee, ndipo sankaikumbukanso. Nkhosa zake zinali zitanenepa, bondo linali litaleka zamwano, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Rannvá, ankakwatiwa Loweruka. Kanthu kamodzi kokha ndi kamene kankamuyabwa ngati juzi yatsopano yaubweya. Mwa anyamata onse a pa zilumba za Faroe, mtsikanayo adakasankha mlendo wa ku Aisilandi. Dzina lake linali Kolbeinn, koma Eyðfinn ankangoti "Muaisilandi uja", ngakhale mwiniwake ali pomwepo akumva.

M'mawa umenewo anali kukhoma mpanda pamene Rannvá anakwera kaphiri ka kuseri kwa nyumba ali wefuwefu, chipewa atachiiwala.

"Ababa, mwala wasowa."

"Mwala kusowa pachilumba chino? Tola uwo uli apowo."

"Musaseke. Mwala wa a Sámal uja. Mushedi mulibe, ndipo tawuni yonse ikuti waba ndi Kolbeinn."

Eyðfinn anaika nyundo pansi. Mwalawo ankaudziwa, monga aliyense m'tawuni yawo ya Tvøroyri. Sitima ya kafukufuku inali itangobwera kumene kuchokera kunyanja yakuya, komwe Rannvá ndi anzake ankasaka malire. Lamulo la pa nyanja limapatsa dziko mamailosi mazana awiri. Likafuna kupitirira apo, liyenera kukaonetsa akatswiri a ku New York umboni woti nthaka ya pansi pa madziyo ndi thupi limodzi ndi nthaka yake ya kumtunda. Tsono kunali chitunda china pansi pa nyanja chomwe a Faroe ankati n'chawo, a ku Aisilandi nawonso ankati n'chawo, ndipo mkanganowo udayamba Rannvá asanabadwe. Ulendo uno mkulu wa kafukufuku, Dokotala Sámal Winther, adavuula pachitundapo chibenthu cha mwala woyera, wamtundu umene akuti udagona kunsi kwa thanthwe lakuda la zilumbazi. Anthu adamuombera m'manja padoko ngati wabwera ndi chikho cha mpira. Kolbeinn adakwera nawo sitimayo monga woonerera wa dziko lake, ndipo aliyense ankadziwa dziko limene likanakondwa mwalawo utatayika.

"Apolisi a ku likulu, ku Tórshavn, akubwera ndi sitima ya mawa," anatero Rannvá. "Akamutenga, ukwati palibe. Ngakhale atamumasula, adzayenda bwanji m'tawuni muno?"

"Makiyi a shedi ali ndi ndani?"

"Ine ndi a Sámal. Yanga inali mujekete, jekete ili pakhomo la holo. Dzulo tonse tinali paphwando lolandira sitima, tikuvina."

"Muaisilandi uja ankavina nawo?"

Rannvá anayang'ana nkhosa. "Anatuluka. Ndamufunsa kumene anapita, akukana kunena."

Kunena mosabisa, kambali kena ka mtima wa Eyðfinn kanakondwa, ndipo pompo anachita nako manyazi. Mwana wake anali ataima patsogolo pake akumudikira. Eyðfinn anatola jekete yake pa mpanda. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhani iyi inafunika makutu ake omwe.

* * *

Loko wa shedi anali bwinobwino, wopanda chilema. Mkati, Sámal anali ataima pambali pa bokosi lopanda kanthu ngati mfiti yalodza mwana wake. Iye ndi Eyðfinn adakhalapo desiki imodzi kusukulu, koma Sámal ankayankhula nthawi zonse ngati ali pa wailesi.

"Uku si kubera ine, Eyðfinn. Uku ndi kubera mtundu wonse, ndi ana osabadwa omwe. Mawa lomweli mwalawo umayenera kupita ku Copenhagen kukapimidwa."

"Abanso chiyani china?"

"Palibe. Makompyuta ali apo, makamera ali apo." Anapukusa mutu. "Ine sindiloza munthu chala. Ungodzifunsa wekha kuti apindule ndani."

"Tandiphunzitsa, mnzanga, ine ndi wa nkhosa. Pansi pa nyanja pali miyala yosawerengeka. Uwu unaposa inzake ndi chiyani?"

Nkhope ya Sámal inawalako, pakuti palibe chimene ankachikonda kuposa kufunsidwa.

"Timatsitsa khoka lachitsulo n'kumalikoka pansi. Zambiri zimene limabweretsa n'zachabechabe. Mapiri a ayezi oyandama amanyamula miyala ya kutali, ya ku Greenland uko, ndipo akamasungunuka amaitaya paliponse. Mwala wotero umakhala wosalala, wa mizeremizere kumsana, momwe ayezi adaukwekwesera. Umenewo suuza munthu kanthu za chitunda, timangouponya m'bokosi la zotaya. Koma khoka likaluma thanthwe lenileni n'kubenthulako, chibenthucho chimatuluka ndi nkhope yatsopano, yonyezimira ngati shuga. Wathu uja unali wotero."

"Anautola m'khokamo ndani?"

"Ndekha. Ana aja anali atatopa, ndinawauza akapume."

"Ndiwe bwana wabwino," anatero Eyðfinn, n'kutuluka. Mawu akuti "ndekha" anapita nawo.

* * *

Eyðfinn anapita kusitima, komwe anapeza Hanus, kapitawo wa amalinyero, akupaka utoto chitsulo chomwe sichinkafuna utoto. Anali munthu wa khosi lalikulu ndi pakamwa popanda chitseko.

"Eee, boma lafika! Mwatopa nazo nkhosa, akulu?"

"Dzulo paphwando unasowa, Hanus. Pamene pali mowa waulere iwe susowa."

Hanus anaviika burashi m'chitini mosamala kwambiri. "Ndinalumbira kuti sindinena."

"Mnyamata uja mawa akukagona m'chitokosi."

"Aaa, zafika pamenepo?" Anataya burashi. "Basi, lumbiro lithe. Tinali kuseri kwa nyumba ya mabwato, ine ndi iyeyo, mpaka phwando kutha. Ndimamuphunzitsa gule wathu. Akufuna Loweruka adzalowe m'bwalo osachititsa manyazi mkazi wake, makamaka pamaso pa inuyo. Koma akulu, munthu uja! Mapazi awiri kumanzere, limodzi kumanja, mwana woyamwa amatha. Iye ngati ng'ombe yaponda pa ayezi. Taonani zala zanga zakumapazizi, zatupa."

Eyðfinn anafuna kuseka, koma anadziletsa. Anatsokomola, n'kufunsa za tsiku la mwala.

"Tsiku la mwayi limenelo," anatero Hanus. "Ndine ndinali pamakina okokera. Paja khoka likaluma thanthwe chingwe chimalira, sitima yonse imanjenjemera, khofi amatayikira pamwendo. Koma ulendo umenewo linabwera mofewa ngati tikukoka bulangete. Ine n'kuti apa ndi matope okhaokha, n'kupita kukadya. M'mawa mwake ndikumva a Dokotala apeza chuma. Mwayi sudziwika ndithu."

"Unawauza zimenezi?"

"Andifunsa ndani? Ine ndimakoka, iwo amawerenga."

"Nanga bokosi la zotaya lija mumakakhuthulira m'nyanja?"

"Kutaya miyala yabwinobwino? Mwambo wake ndi wakale, zotaya ndi za amalinyero. Wina amakapsinjira denga, wina amakakongoletsa dimba la akazi ake. Koma woyamba kusankha ndi amene amadzuka tonse tili mtulo, ndipo mukumudziwa. Achemwali anu."

* * *

Malan, mlongo wake wa Eyðfinn, adaphikira amalinyero a sitimayo zaka zambiri, ndipo chakudya cha ukwati adachilanda yekha popanda womupempha. Khitchini yake inali yodzaza mapoto ndi nyama ya nkhosa youma. Pakona, pa kampando kochepera msinkhu wake, panali Kolbeinn akusenda mbatatesi.

"Ngati mwabwera kudzamanga mwana wa eniyu, dikirani amalize thumbalo," anatero Malan osatembenuka. "Ndipo vulani nsapato, achimwene, muno si ku polisi."

Eyðfinn anavula nsapato, nakhala moyang'anana ndi mnyamatayo. Kolbeinn anafuna kuimirira, koma Eyðfinn anamukhazika ndi dzanja.

"Za gule ndazimva. Hanus akuti umulipire zala zake."

Makutu a Kolbeinn anafiira. "Ndimafuna mudzaone Loweruka, bambo."

"Zimenezo zakuchotsa kushedi. Koma munthu wosalakwa sakhala chete chonchi chifukwa cha gule yekha. Pali china ukubisa."

Mnyamatayo anayang'ana mbatatesi ili m'manja mwake. Ankayankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse atayamba wawayeza.

"Titafika padoko, ndinapempha a Sámal kuti ndiuonenso mwalawo ndi kagalasi kanga. Mbali zonse unali watsopano. Koma m'mphepete, pakamalo kochepa ngati chikhadabo, panali posalala, ndi kamzere kamodzi. Ndinawauza tili awiri. Ndinati, mwina ndikulakwitsa, koma a ku Copenhagen akakaudula adzakaona."

"Anati chiyani?"

"Anandithokoza. Anati ndili ndi maso abwino."

"Ndiye mwala usowa, tawuni ikutukwana, iwe uli duu?"

"Ndine mlendo, bambo, ndipo dziko langa ndi limene lingapindule. Ndikanati mwala wanu ndi wabodza, akanandimvera ndani? Umboni unali utapita." Anaponya mbatatesi ija mupoto. "Komanso Rannvá wathera unyamata wake pachitunda chimenechi. Tsiku limene mwala unapezeka analira ndi chimwemwe. Sindinafune kuti amve kwa ine."

Eyðfinn anatembenukira kwa mlongo wake. "Achemwali, ulendo uno munatolako chiyani m'bokosi la zotaya?"

"Mwayamba kundifufuza ine tsopano? Ndinatola mwala umodzi, ndipo ndi wanga."

"Uli kuti?"

"Ukugwira ntchito."

Malan anatsika nawo masitepe opita kuchipinda chapansi, akung'ung'udza njira yonse. Kumeneko kunali mgolo wa nyama ndi mafuta a nangumi zothira mchere, zodikira alendo a Loweruka. Pamwamba panali thabwa lozungulira, ndipo pathabwapo, kuti nyama isayandame, panali mwala waukulu ngati mutu wa nkhosa. Pachilumba chomwe mwala uliwonse ndi wakuda, uwu unali woyera.

"Unali pansi penipeni pa bokosi, wina ataukwirira ndi inzake," anatero Malan. "Koma ine ndimafukula. Yathu yakudayi ili ndi timabowo, imasunga fungo. Uwu ndi wosalala, wolemera, ndipo mbali imodzi ndi yafulati, umakhazikika bwino. Musaukhudze ndi manja a nkhosawo!"

Eyðfinn anaunyamula n'kuutembenuzira kuwindo. Kumsana unali wosalala, mizere ya ayezi ili ndandanda. Mbali yafulati ija inkanyezimira ngati shuga. Ndipo m'mphepete mwake munali timabala titatu toyera, tozungulira, tomwe munthu aliyense amene adakhomapo mpanda amatidziwa.

"Khoka lili ndi nyundo?" anafunsa.

Kolbeinn anapukusa mutu.

* * *

Sámal anali akadali mushedi pamene Eyðfinn analowa n'kuika mwalawo m'bokosi lopanda kanthu lija. Fungo la mafuta a nangumi linadzaza chipinda chonse. Mkuluyo anauyang'ana, nauzindikira. Kenako anakhala pansi, ndipo atayankhula mawu a pa wailesi aja panalibe.

"Ndinkayesa akhuthulira m'nyanja."

"Zaka zonsezi pasitima imeneyi, sudadziwe kumene zotaya zimapita?"

"Sindinafunsepo." Anapukuta kumaso. "Chitunda chija n'chathu, Eyðfinn. Mtima wanga ukudziwa. Mafunde a makina athu opimira pansi pa nyanja akusonyeza choncho, koma a ku New York amafuna chogwirika, ndipo khoka chaka ndi chaka likungondibweretsera matope ndi miyala ya eni. Uno unali ulendo wanga womaliza. Nditauona woyera chonchi, mtundu weniweni umene ndakhala ndikuusaka, ndinati kodi n'kulakwa kuthandizako choonadi pang'ono?"

"Chibenthu chija chili kuti?"

"Pansi pa doko. Mnyamata uja atangoona kamzere, ndinadziwa kuti ku Copenhagen ndikayaluka."

"Ndiye unaona kuti ayaluke ndi iyeyo."

"Sindinamutchule dzina!"

"Panalibe chifukwa chomutchulira. Tawuni inakutchulira, iwe n'kumagwedeza mutu."

Eyðfinn sanakweze mawu. Anamumvera chisoni munthuyo, chifukwa ankakumbuka kamnyamata kodzaza miyala m'matumba a kabudula, koma chisonicho sichinafike pomukhululukira. Anamuuza kuti mawa akawachingamire yekha apolisi a ku Tórshavn, ndipo lero lomwe apite kugolosale ya padoko, komwe nkhani zonse za m'tawuni zimabadwira, akanene ndi pakamwa pake kuti mlendoyo sanabe kanthu.

"Ukapanda kupita, ndikauika mwalawu pakauntala, Malan afotokoze yekha kumene adautola."

Sámal anatenga chipewa chake.

* * *

Chovuta chinali chitatsala. Eyðfinn anapeza Rannvá pakhonde la Malan, atakhala pambali pa Kolbeinn. Eyðfinn adauzapo anthu ambiri nkhani zoipa pantchito yake, koma sadabweretserepo munthu chimwemwe ndi chisoni m'dzanja limodzi. Anangomupatsa mwalawo, umene anali atautenganso kushedi.

Rannvá anautembenuza. Anayendetsa chala m'mizere ija, kenako pa timabala ta nyundo. Sanafunse funso lililonse, pakuti ntchito yake ankaidziwa.

"Wabwera ndi ayezi," anatero motsitsa. "Ndiye kuti tilibe kalikonse. Tabwerera pomwe tidayambira."

"Pepa, mwanawe."

Misozi inatsika, iye n'kuipukuta ndi mkono wa juzi. Anatembenukira kwa Kolbeinn. "Iwe umadziwa, n'kungokhala chete anthu akukutcha mbava?"

"Ndimaopa kukupweteka."

"Chitsiru iwe," anatero Rannvá, n'kumugwira dzanja zolimba. "Chaka chamawa tibwerera komweko. Ndikalikoka khoka limenelo mpaka liluma thanthwe lenileni, ndipo dziko lako lidzalira."

"Tidzaona," anatero Kolbeinn, akumwetulira koyamba tsiku limenelo.

Windo la khitchini linatseguka mwamphamvu.

"Inu apolisi opuma inu! Mwandilanda mwala, nyama yanga ikuyandama. Alendo Loweruka adzadya umboni wanuwo?"

"Tikubweretserani wina, achemwali."

"Wosalala! Wopanda timabowo!"

Eyðfinn anatsika masitepe, naima pamsewu wopita kumtsinje.

"Mkamwini! Tiye tikasake mwala."

Kolbeinn anacheuka kumbuyo kuti aone amene akuitanidwa. Kunalibe munthu, kunali chitseko chokha. Anaimirira msanga mpaka kugunda mutu kudenga la khonde, n'kuthamangira kumsewu.

Atapitirira nyumba zomaliza, pomwe panalibe wowaona koma nkhosa, Eyðfinn anakoloweka mkono wake mumkono wa mnyamatayo monga amachitira m'bwalo la gule.

"Hanus sadziwa kuphunzitsa," anatero. "Leka kuyang'ana mapazi, mvera phewa langali. Tiye. Awiri kumanzere."

Kolbeinn anamuponda chala nthawi yomweyo. Eyðfinn analuma mano, koma mkono sanauchotse.